Chiwongoladzanja kapena khasu: chotsitsa mitengo n'chiti?

Reserve Bank of Malawi ikakweza chiwongoladzanja, monga inachitira mu 2024 pochifikitsa pa 26 peresenti, ngongole zimadula, ndalama zimachepa m'manja mwa anthu, mitengo n'kuyamba kudekha. Zimathandiza ngati vuto lili kuchuluka kwa ndalama. Koma mayi wa geni mumsika wa Zomba, yemwe mpamba wake ndi wobwereka, phindu lake limathera kubweza ngongole.

Njira ina ndi ya kumunda, ndipo ine mtima wanga uli komweko. Namondwe Freddy atakokolola mbewu mu 2023, chimanga chinakwera mtengo chifukwa chinasowa. Banki singagwetse mvula, singadzaze nkhokwe. Ulimi wothirira umachedwa kubala zipatso, inde, komabe masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi atasamalidwa, mayi uja sangamachepetse muyezo pambale yake m'mawa uliwonse.