Adokotala ndi abwino, koma mnyamata wa pakauntala ayi

Mnyamata amene amagulitsa m'sitolo ina ya mankhwala a ziweto pa boma la Dedza anatsala pang'ono kutiphetsera galu.

Tayiga wathu ali ndi zaka 13. Chiyambire kuzizira kwa mu Juni anasintha: masana tulo, usiku wonse kuzungulira bwalo n'kumauwa popanda chouwa. Amalowa pampata wa pakati pa dilamu la madzi ndi khoma n'kuima pompo, mphuno pakhoma, osadziwa kubwerera m'mbuyo mpaka wina akamukoke. Ana akaweruka kusukulu amangowayang'ana, mchira osagwedeza.

Ndinamufotokozera mnyamatayu zonsezi, iye maso ali pafoni. "Ndi chiwewe chimenecho madala, kapheni basi." Nditamuonetsa khadi la katemera wa chaka chino, anatembenuka pomwepo kuti ndiye ndi njoka za m'mimba, n'kundigulitsa mapilisi a K8,000. Za chiwewezo analankhula mokweza, m'sitolo muli anthu, ena a kudera kwathu. Ndikufika kunyumba ndinapeza mbiri yafika kale. Aneba anatsekera ana m'nyumba, bambo ena ataima pampanda ndi chibonga, ati boma limalamula. Munthu sanamuone n'komwe galuyo, matenda wawadziwa bwanji?

Ndinabwererako kuti ndikakalipe, ndipo ndinapeza eni sitolo, adokotala enieniwo. Apa mpomwe mtima unatsikako. Anandimvera mpaka ndimalize, madzulo n'kubwera kwathu pa njinga yamoto. Anamuunika m'maso ndi tochi, kuomba m'manja kumbuyo kwake kuti aone ngati akumva, kumugwiragwira m'chiuno mpaka analira pang'ono. Kenako anaitana aneba aja n'kuwauza okha kuti galu wa chiwewe akayamba kuonetsa zizindikiro nthawi zambiri sapyola masiku 10, pomwe uyu watha miyezi akudya bwinobwino. Vuto ndi ubongo umene wakalamba, monga zimachitikira agogo ena amene amaiwala khomo la nyumba yawo.

Sanatinamize kuti achira. Anati kuli mankhwala otchedwa selegiline amene amathandizako agalu ena, koma iwo alibe, ndikafunse ku Lilongwe. Anatipatsa opha ululu wa m'chiuno, n'kutiletsa kumupatsa Brufen wathuyu chifukwa amaononga m'mimba ndi impso za galu. Zina n'zapakhomo pomwe: mbale yake isamasunthidwe, adye nthawi imodzimodzi, masana tiziyenda naye pang'ono kuti usiku agone, pakhonde paziyaka babu, ndipo mpata wa dilamu uja titseke. Ulendo ndi mankhwala anatenga K20,000, sindikudandaula.

Tayiga amadzukabe usiku, koma kuuwa kwachepa ndipo ifenso tikugonako. Mukafuna thandizo pamenepa funsani adokotala eniake, akapanda kupezeka bwererani. K8,000 yanga ija sanabweze, ndipo mnyamatayo akadali pakauntala pomwepo ndi foni yake.