Kasitolo ka mafilimu akale ku Kapata

Pafupi ndi msika wa Kapata, muno mu Chipata, pali kasitolo komwe ndimagulako mafilimu akale oonera kunyumba, ndipo eni ake, bambo achikulire odekha, amawakopera pa fulashi mosamala. Kumeneko ndidapezako Seven Samurai ya Akira Kurosawa, yotuluka mu 1954, yomwe imapitirira maola atatu. Ngakhale zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, mvula ndi matope a pankhondo yomaliza zimaoneka bwino kwambiri moti akazi anga, amene poyamba ankanyinyirika, adapsereza ndiwo pambaula. Chondidandaulitsa n'chakuti mawu omasulira Chijapani amachedwa kutuluka pansi pa chithunzi. Casablanca ya 1942 ndidaibweza chifukwa mawu ankamveka motsika, ndipo adandikopereranso osandilipiritsa.