Wadiropu ya m'shopu, bokosi la agogo ndi mipando ya sekondi: zomwe zinapirira kusamuka

Chionereni wadiropu yathu itagona panja m'zidutswa tsiku lomwe tinasamuka, anzanga akhala akundifunsa komwe angagule katundu wa m'nyumba. Ena angolowa kumene m'banja, ena akuchoka pakhomo pa makolo. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi. Katundu amene ndikuyerekeza ndi wa mitundu itatu: wakalekale amene ogulitsa amamutcha antique, kutanthauza kuti wapitirira zaka 100, wakaleko wa m'ma 1970 mpaka m'ma 1990 amene timagula kwa anthu atamugwiritsapo ntchito, ndi watsopano. Mitundu yonseyi ndakhala nayo, ndipo ndakhala nayo m'nyumba za lendi. Kwa ife a lendi, kulimba kwa katundu kumaoneka tsiku lokweza pa lole.

Ndiyambe ndi watsopano wa m'shopu chifukwa ndi amene anandiwawa. Tinagula wadiropu ya zitseko zitatu, ya galasi pakati, pa ngongole yobweza miyezi 12. Mtengo womwe anamata pachitseko sunali womwe tinalipira. Titasainirana, anatiuza kuti kubweretsa kunyumba n'kolipira pakokha, ndipo anyamata odzaimanga nawonso ndi olipira pawokha, chifukwa imabwera m'makatoni. Chiwongoladzanja tinachidziwa, koma ziwirizi sanazitchule mpaka dipoziti italowa.

Izo ndikanaiwala. Chomwe sindiiwala ndi thabwa lake. Matabwa a katundu wambiri wa m'mashopu si mtengo wocheka ayi. Ndi utuchi ndi tizidutswa ta mitengo tosakaniza ndi guluu, n'kupanikiza, pamwamba n'kumata chipepala chojambulidwa mizere ya mtengo. M'nyumba zathu za simenti timakolopa tsiku ndi tsiku, ndipo wadiropuyo inalibe miyendo, inkakhala pansi penipeni. Dzinja loyamba lisanathe, m'munsi munafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Thabwa lenileni likanyowa limauma n'kubwerera. Lautuchi likafufuma lafufuma basi, limangoyoyoka. Nditabwerera kushopu kuja anandionetsa mzere pa pepala la galanti wonena kuti zoonongeka ndi madzi sizikuwakhudza. Apa n'kuti ndikadali ndi miyezi inayi yobweza.

Kenako landilodi anakweza lendi, tikuyenera kusamuka. Wadiropu sinkatuluka pakhomo, ndiye tinaimasula. Sikuluwu pa thabwa lautuchi imagwira kamodzi kokha. Mukaichotsa, bowo limakula, ndipo mukaibwezera imangozungulira. Kalipentala amene tinamuitana anayang'ana, n'kunena kuti, "Bwana, apa palibe pokhomera." Anali kunena zoona. Galasi lokha ndi lomwe tinasunga. Ndipo kumbukirani kuti katundu wambiri wa utuchiyu amachokera kunja, kotero kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera pomwe utuchi wake uli womwewo.

Katundu watsopano wa kwa kalipentala, monga amene mumaona m'mbali mwa msewu ku Mchesi kapena ku Ndirande, ndi nkhani ina ndipo ndimamulemekeza. Mumasankha nokha kukula kwake, mumanenerera mtengo, ndipo chikathyoka mumadziwa kopita. Vuto lake ndi matabwa osauma. Paini, amene wambiri amachokera ku Chikangawa, ndi wofewa ndipo chiswe chimamukonda. Bulugamu ndi wolimba koma akamupala asanaume amapindika ndi kung'aluka, zitseko n'kusiya kutsekeka. Pitani mukaone katunduyo asanapake vanishi, chifukwa vanishi wofiira amasandutsa paini kuoneka ngati mbawa. Dinani chikhadabo pansi pa thabwa: chikasiya chizindikiro mosavuta, si mbawa imeneyo, musalipire mtengo wa mbawa.

Tsopano za sekondi, komwe kuli mtima wanga. Tebulo lathu lodyera ndi mipando yake isanu ndi umodzi tinagula kwa bambo wina wopuma pa ntchito amene ankabwerera kumudzi. Ndi za mlombwa, ndipo iwo anati anakhometsa m'ma 1980. Zinali zokalikakalika, mpando umodzi ukugwedera. Kalipentala anapala, anathira guluu molumikizira, anapaka vanishi, tsiku limodzi ntchito yatha. Ndalama zonse pamodzi sizinafike zomwe tinataya pa wadiropu ija. Tasamuka nalo katatu. Amisiri a nthawi imeneyo ankaboola thabwa lina n'kulowetsamo linzake, sankadalira misomali yokha, n'chifukwa chake chogwedera chimakonzeka. Mlombwa nawonso suchepa kwenikweni ukamauma, ndipo chiswe chimaulambalala. Thabwa lomwe lakhala zaka 40 linamaliza kale kupindika konse komwe likanapindika.

Zili ndi zoipa zake. N'zolemera, ndipo onyamula amafuna muwaonjezere ndalama. Simupeza zofanana mitundu. Mumatenga zomwe zapezeka. Choopsa kwambiri ndi nsikidzi. Sofa ya sekondi yokutidwa nsalu ponseponse sindingagule ngakhale itatchipa bwanji, chifukwa nsikidzi zimabisala m'misoko ndipo zimakhala miyezi osadya zili moyo. Gulani mipando ya mafulemu a mtengo yokhala ndi makushoni ochotsa, makushoniwo mutaye, mugule siponji ndi nsalu zatsopano kwa telala. Bedi muliunike ndi tochi molumikizira monse. Mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wa mtengo pansi, ndiye kuti lafumbwa, lisiyeni.

Za antique sindinena zambiri chifukwa kuno zenizeni n'zosowa. Tili ndi bokosi la mkungudza lomwe agogo anga aakazi analandira kwa mayi awo, la nthawi ya atsamunda. Mukalitsekula fungo lake likadalipo, ndipo mabulangete omwe timasungamo sanadyedwepo ndi tizilombo. Sindingaligulitse. Koma kugula chinthu chotere kwa munthu wochita malonda sindikulimbikitsa banja lomwe likungoyamba. Mtengo wake mumalipira zaka, osati ntchito yomwe chikugwireni, ndipo achinyengo alipo amene amadetsa thabwa latsopano ndi polishi ya nsapato kuti lioneke lokalamba. Tembenuzani muone pansi: chakale chenicheni chimaperepeseka pomwe manja ndi simenti zakhala zikukhudza, sichida mofanana paliponse. Ndipo wina akakutsatsani katundu watsopano wa mkungudza, kanani. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, kwawo ndi pa phiri la Mulanje, ndipo odula mozemba pamodzi ndi moto wolusa autha pafupifupi wonse.

Pa kukongola, za m'shopu zimapambana tsiku logula. Pa kupeza msanga, n'zomwezonso: mumalowa, mumaloza, mawa zafika, pomwe za sekondi muyenera kudikira, kufunsa kuntchito ndi kutchalitchi, kuyang'ana pa Facebook anthu amene akusamuka.

Ndiye mukandifunsa, ndimati tebulo, mipando yodyera, kabati ndi bedi funani za sekondi za mlombwa kapena mbawa, ngakhale mudikire miyezi itatu mukudyera pa mphasa. Zikakanika, pitani kwa kalipentala amene mwaonapo ntchito yake ya zaka zingapo m'nyumba ya munthu, mupereke theka, lotsala mukaona katundu. Matiresi ndi makushoni okha ndi omwe ndimagula atsopano. Ngati mwakakamizika kugula za utuchi, sankhani zokhala ndi miyendo, ndipo funsani mtengo wonse, wobweretsa ndi womanga womwe, dipoziti isanachoke m'manja. Ife zovala tikusunga mu wadiropu ya mbawa ya zitseko ziwiri yomwe tinagula kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo galasi la ija yakale tinalikhomera kukhoma.