Supa Team 4 pa Netflix: katuni imene amayi anga sachokapo

Kwathu ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, TV ndi imodzi, ndiye chomwe tayika madzulo chimayenera kukomera anthu amene sagwirizana pa chilichonse: amayi anga, mwana wanga wamkazi wa Giredi 6, ndi kamnyamata kanga komwe sikanayambe sukulu. Pa makatuni a ngwazi zopulumutsa anthu omwe ali pa Netflix, Supa Team 4 ndi imene yatikhazika pansi tonse popanda wolanda rimoti.

Ngwazi zake ndi atsikana anayi a kusekondale mu Lusaka wam'tsogolo: Komana, Monde, Temwe ndi Zee. Wowasonkhanitsa ndi Mama K, mayi wachikulire yemwe kale anali kazitape. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo anaipanga a Triggerfish a ku Cape Town pamodzi ndi a CAKE a ku London. Inatuluka mu Julayi 2023, ndipo inali katuni yoyamba ya ku Africa imene a Netflix anapangitsa okha.

Chomwe chinakopa amayi ndi Mama K. Makatuni ambiri a ngwazi amaika okalamba pakona, ntchito yawo kuphika ndi kudandaula. Kuno wamkulu ndiye mwini ntchito, ndiye wolamula, ndipo atsikana akachita zibwana amadzudzulidwa monga timadzudzulidwira ife tili ana. Amayi amangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mwamva inu? Amene uja ndiye mzimayi." Mdzukulu wawo amayankha kuti, "Agogo, inuyo mukanakhala ndi makina ngati amenewo bwenzi tonse titathawa pakhomo." Macheza otere sitinkawamva pa makatuni ena.

Mwana wanga amakonda Komana, wa luso lokonza makina, ndipo tsopano akuti akufuna kudzakhala injiniya. Kamnyamata sikasamala za nkhani, kake ndi mbuzi ya Mama K basi. Ine chimene chimandigwira mtima ndi maonekedwe a zinthu: tsitsi lolukidwa ngati la ana athu, mayunifolomu a sukulu, misika, ngakhale vuto la kuthima kwa magetsi lilimo. Munthu wa ku Harare safunika womufotokozera zimenezo. Komanso atsikanawa akamaliza kulimbana ndi zigawenga, ntchito ya kusukulu imakhala ikuwadikirabe. Mbali imeneyo ndimaikweza mawu dala.

Sikuti makatuni a kunja ndi oipa. The Incredibles ya a Pixar, ya 2004, ndimaikondabe chifukwa pansi pa zouluka zonse zija pali bambo wotopa ndi ntchito ndi mayi wolera ana ovuta, ndipo apo ndi pamene akuluakulu timaseka ana asakudziwa chomwe tikusekera. Koma Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018, ngakhale inapata mphoto ya Oscar, amayi anaikana. Akuti mitundu ikuphethira kwambiri, maso akuwawa. Anakagona.

Zofooka zilipo. Zigawenga zina n'zopepuka, umadziwiratu mmene zithere gawo lisanafike pakati. Chingerezi chake chimathamanga, moti amayi amadalira mdzukulu kuwamasulira, iyenso n'kumasakaniza Chishona ndi Chichewa mpaka agogo ake kumukonza. Koma apo sindidandaula kwambiri, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene mwanayu amayesetsa kulankhula Chichewa popanda womukakamiza. Ndewu zilimo, koma palibe magazi kapena zochititsa manyazi pamaso pa makolo. Mwana wamng'ono kwambiri mwina angaope zigawenga zingapo, ndiye khalani naye pafupi.

Za data, musaonere mwachindunji ngati mumagula bandulo ya pafoni, idzatha nkhani ili pokoma. Ine ndimachita download magawo angapo pa Wi-Fi ya kuntchito, ndipo ndimasankha chithunzi chapakati, osati chapamwamba. Katuni imaonekabe bwino. Ubwino wina ngwakuti magetsi akathima timangounjikana pa foni. Gawo lililonse silifika theka la ola, ndiye limakwana bwino nsima ikadali pamoto. Vuto ndi kuwaletsa ana kuti asatsegule lotsatira, makamaka Lamlungu usiku mawa kuli sukulu.