Ndemanga: Usiku wa nyimbo za Bob Marley ndi woyimba womutsanzira

Bob Marley anamwalira pa 11 Meyi 1981 ali ndi zaka 36, ine ndisanabadwe, choncho nyimbo zake ndinazidziwira pa wailesi ndi pa makaseti a malume anga. Nditamva za woyimba amene ntchito yake ndi kuyimba nyimbo za Marley zokhazokha, kuvala ngati iye ndiponso kuvina ngati iye, ndinagula tikiti monyinyirika, poganiza kuti ndikukalipira ndalama kuti ndikaonere munthu akuseweretsa dzina la malemu. Aka kanali koyamba kuti ndionere woyimba wa mtundu umenewu.

Ndiyambe ndi zimene sizinandisangalatse. Zoyimbazo zinayamba mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo okonza mwambowo sanatiuze chifukwa chake. Zitayamba, nyimbo ziwiri zoyambirira zinaonongeka chifukwa gitala ya besi inkamiza mawu a woyimbayo, moti tinkangoona pakamwa pakuyenda. Woyang'anira zokuzira mawu anakonza vutoli pa nyimbo yachitatu, koma ichi ndi chinthu chofunika kuchiyesa anthu asanalowe mu holo.

Woyimbayo sankafanana kwenikweni ndi Marley pankhope, ngakhale kuti anali ndi madiredi ndiponso anavala malaya a jinzi. Zimenezi ndinaziiwala msanga, chifukwa chimene chinandigwira mtima chinali gulu lomuyimbira. Woyimba ng'oma ankatsatira bwino kagundidwe kotchedwa one drop, kamene Carlton Barrett, woyimba ng'oma wa The Wailers, gulu limene linkayimba ndi Marley, anatchuka nako. M'kagundidwe kameneka, mukawerenga kanayi, kugunda koyamba kumasiyidwa kopanda kanthu, kenako ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi imalira pamodzi ndi yaing'ono pa kugunda kwachitatu. Ndinali pafupi ndi nsanja, ndipo ndinkaona mmene ankagonekera kamtengo kake pa ng'oma yaing'ono n'kumagogoda m'mphepete mwake, nkhope ili phee ngati sakuchita kanthu. Pa wailesi mpata wopanda kanthuwo sindinkaumva, koma m'holomo ndinaumva m'chifuwa, makamaka woyimba besi akaudzaza ndi kulira kwakuya kwa gitala yake monga ankachitira Aston Barrett, mkulu wake wa Carlton.

Kumanzere kwa nsanja kunaima amayi atatu ovomereza nyimbo, atavala mipango kumutu, m'malo mwa Rita Marley, Marcia Griffiths ndi Judy Mowatt amene ankavomereza nyimbo za Marley ndipo ankadziwika kuti I-Threes. Kunena zoona, amayiwa ndi amene ananyamula nyimbo za m'chimbale cha Exodus cha 1977, chifukwa mawu a woyimba wamkuluyo akayamba kutopa pa malo okwera, iwo ankamuphimba mwaluso moti anthu ambiri sanazindikire n'komwe.

Chimene sindinagwirizane nacho ndi chizolowezi chake cholankhula motsanzira anthu a ku Jamaica pakati pa nyimbo. Akamayimba, kutsanzirako kunkamveka ngati ulemu kwa mwini nyimbo, koma akayamba kulankhula zinkakhala ngati sewero la ana asukulu, ndipo ena ankaseka pamene sipanayenere kusekedwa. Akanachita bwino kutilankhula ndi mawu ake enieni, popeza tonse tinkadziwa kuti si Marley.

Chakumapeto anzake onse anatsika pa nsanja, iye n'kutsala yekha ndi gitala yosalumikiza ku magetsi, ndipo anayimba Redemption Song, nyimbo yotsiriza m'chimbale cha Uprising cha 1980. Apa analibe pobisala, ndipo anayimba bwino kuposa mmene anachitira usiku wonsewo. Bambo wina wa imvi amene anaima pambali panga anavula chipewa, anatsinzina, n'kumayimba liwu ndi liwu mpaka kumapeto, osatulutsa foni ngati mmene tinachitira enafe.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha kuchedwa ndi kalankhulidwe kongotengerako. Amene mukufuna kukaona munthu wofanana ndi chithunzi cha pa chimbale mudzakhumudwa, koma amene mukufuna kumva nyimbozi zikuyimbidwa ndi anthu amoyo mudzapeza kuti tikitiyo ndi yoyenera. Ulendo wina ndidzaima pakati pa holo, pafupi ndi woyang'anira zokuzira mawu, chifukwa kutsogolo kumene ndinali makutu anga analira mpaka m'mawa.