EA Sports FC kapena eFootball?

EA Sports FC ndi eFootball ndi magemu a mpira wamiyendo apakompyuta. Akangolengeza EA Sports FC yatsopano, mkangano umabuka pakati pa ife Amalawi a kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg. Ine mtima wanga uli ku FC. Ndidakula nayo ikutchedwa FIFA, dzina lomwe idasiya mu 2023. Matimu a Premier League amabwera ndi mayina ndi yunifolomu zawo zenizeni, Champions League ilimonso. Koma imagulidwa chaka ndi chaka, ndipo marandi amenewo akadatha kugula feteleza kumudzi.

eFootball ya kampani ya Konami, yomwe kale inkatchedwa PES (Pro Evolution Soccer), ndi yaulere kuyambira 2021, ndipo imaseweredwa ngakhale pafoni. Alamu anga amati mpira wake umayenda ngati wapabwalo penipeni, ndipo sakunama. Chondipweteka n'chakuti matimu ambiri a ku England adawapatsa mayina opeka. Chaka chino ndigulabe FC.