Ndemanga: thermostat ya masana ndi usiku pa khola la ball python, m'chisanu cha ku Mzuzu

Thermostat iyi, kachipangizo kolamulira chotenthetsa kuti kutentha kwa m'khola kukhale pamene mwaika, ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi yomwe ndachotsayo yapita chifukwa cha wotchi yake. Ndi ya mtundu wa dimming, yonyamula mpaka mawati 600, yomwe imakulolani kuika kutentha kwa masana pakokha ndi kwa usiku pakokha. Anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku UK, ndipo yagwira ntchito pa khola la njoka yanga ya mtundu wa ball python kuno ku Luwinga kuyambira kumapeto kwa mvula, kudutsa chisanu chonse cha Juni ndi Julaye, mpaka kutentha kwa Okutobala. Pulagi yake ndi ya mano atatu ngati yathu yomweyi, ndipo magetsi ake ndi mavoti 230, choncho ndinangolowetsa m'soketi. Amene mukuitanitsa ku South Africa muyang'anitsitse, pulagi ya kumeneko ndi ya mano ozungulira, mudzafunika adaputala yolimba, osati zija zomwe zimasungunuka.

Njoka imeneyi si nsato ya m'tchire mwathu muno. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zogulitsidwa kunja zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ikakula imafika mita imodzi kapena mita ndi theka basi, ndipo ikachita mantha imadzipinda n'kubisa mutu pakati. Kumeneko masana imakhala m'mauna a makoswe ndi m'ziulu, momwe kutentha sikusinthasintha kwambiri, n'kumatuluka dzuwa likalowa. Thupi lake silipanga kutentha. Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo aliyense amene anadzukapo m'bandakucha mu Julaye, nkhungu itaphimba mpaka geti, akudziwa kuti kuno si ku Nkhata Bay. Usiku wina kunja kumatsika pansi pa madigiri 10. Nyumba ya malata yopanda siling'i imangotsatira zakunjazo.

Khola langa ndi lamatabwa, masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kutalika, anandikhomera kalipentala wa konkuno, magalasi ali kutsogolo kokha. Chotenthetsa ndi ceramic ya mawati 100, ija yomwe imatentha osawala, yomangidwa kudenga mbali imodzi ndipo yotchingidwa ndi kakhola ka waya. Kawayako musakanyozere. Njoka imatha kudzikulunga pa chinthu chotentha n'kupsa mimba osasuntha. Mbali yotentha ndimafuna madigiri 31 mpaka 33, mbali yozizira 25 kapena 26, ndipo usiku khola lonse lisatsike pansi pa 24.

Chimene ndaikondera kwambiri ndi momwe imasungira kutenthako. Ma thermostat otsika mtengo amangoyatsa ndi kuzimitsa: chotenthetsa chimayaka mwamphamvu mpaka kupitirira, kenako n'kuzima mpaka khola litazizira, ndiye kutentha kumangokwera n'kutsika tsiku lonse. Iyi imachita ngati mayi wodziwa kuphika, amene amasonkheza nkhuni pang'ono kapena kuphulako imodzi, moto osauzimitsa. Imapereka magetsi ochepa kapena ambiri malinga ndi zomwe sensa yamva. Pa sikirini mumaona kuti chotenthetsa chikugwira pa mphamvu yanji. Masana a dzuwa chimangonyang'amira, koma ikamakwana 4 koloko m'mawa mu Julaye chimakhala chili pafupi kuthera mphamvu zonse. Ndinaika thermometer ina payokha, yosunga kutentha kwapamwamba ndi kwapansi kwa tsikulo, ndipo magetsi akakhalapo kusiyana kwake sikupitirira digiri imodzi. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Koma nkhani ya kutsitsa kutentha usiku ndikufuna tiimvetsetsane, chifukwa ndi imene anthu amagulira thermostat yotere. M'mavidiyo a pa YouTube mumva oweta a ku America ndi ku Ulaya akulimbikitsa kuti usiku muzitsitsa kwambiri kapena kuzimitsiratu chotenthetsa kuti njoka imve kuti kwada. Anzathuwo nyumba zawo zimatenthetsedwa mkati, chipinda chimakhala pa madigiri 20 kapena kuposa ngakhale kunja kuli chipale. Iwo akazimitsa, khola limatsika pang'ono n'kuima. Ife tikazimitsa, limatsika mpaka kufanana ndi chipinda, ndipo chipindacho chili pa 13 kapena 14. Kuno usiku umatsitsa wokha kutentha popanda kuupempha. Ntchito ya thermostat usiku ndi kugwira pansi kuti pasagwe. Ine ndinaika 32 masana ndi 28 usiku pa sensa ya mbali yotentha, ndipo ndi pamenepo pomwe mbali yozizira imakhazikika pa 24. Mukaika 24 pa sensayo poganiza kuti ndiyo nambala ya usiku, mbali inayo igwa kufika pa 19 kapena 20, njoka ili komweko m'kabisalo kake.

Kuzizira koteroko sikupha tsiku limodzi. Kumabwera mwakachetechete. Njoka yomwe yameza khoswe imadalira kutentha kuti chakudya chigayike, ndipo ikazizidwa chakudyacho chimayamba kuola m'mimba, n'kuchisanza patapita masiku. Ikazizidwa nthawi yaitali imayamba kupuma movutika, kumveka kaphokoso popuma, kuyasamula pakamwa, malovu kutuluka. Dokotala wa ziweto wodziwa za njoka kuno sapezeka wamba, ndiye kuteteza n'kofunika kuposa kuchiza. Yanga m'nyengo yozizira inakana chakudya kwa kanthawi, zomwe njoka zamtunduwu zimachita, koma thupi silinatsike ndipo inafundula khungu lonse lathunthu, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Sensa yake ndi kachingwe kakuda ka mamita awiri, kumapeto kwake kali ngati njere ya nyemba. Malo amene mwaikako ndiwo amalamula zonse. Ndinabowola kumbuyo kwa khola n'kukamangirira ndi kakilipu ka misomali pakhoma, pansi pa chotenthetsa, chapamwamba pang'ono pa zoyala. Selotepi ayi. Ikamatuka imamata pakhungu la njoka ndipo pochotsa imasenda mamba. Sensa yongogonekedwa pansi, njoka imaigonera kapena kuikankhira m'mbale ya madzi, thermostat n'kuganiza kuti kwazizira, n'kutsegula mphamvu zonse. Buku la malangizo limene linabwera m'katoni silinenapo kanthu za zimenezi, ndipo ndikuona kuti anayenera kuziika patsamba loyamba.

Tsopano wotchi ija. Magetsi akazima n'kuyakanso, manambala a kutentha imawakumbukira bwinobwino, koma nthawi imabwerera pa 00:00. Kutanthauza kuti akayaka 10 koloko m'mawa, yokha imaganiza kuti ndi pakati pa usiku, ndipo imaika khola pa kutentha kwa usiku kunja kuli masana, wotchiyo n'kukhala yosokonekera mpaka wina adzaikonze. Ukabwera kuchokera kuntchito umapeza masana ndi usiku zasinthana. Njoka siili pangozi chifukwa manambala onse awiri ndi otetezeka, koma cholinga chogulira chinthu chodula chotere chimakhala chapita. Kabatire kakang'ono ka wotchi mkati mwake kakanathetsa vutoli. Opanga ake zikuoneka kuti sanaganizire za dziko limene magetsi amathima kawirikawiri. Amene mukufuna kugula, funsani wogulitsa funso limeneli mwachindunji, kuti wotchi imasunga nthawi magetsi akazima kapena ayi, ndipo akuyankheni molemba.

Alamu yochenjeza kutentha kukapitirira kapena kutsika ilipo, imalira mokwanira kukudzutsani muli chipinda china. Koma nayonso imadalira magetsi omwewo, ndiye nthawi yomwe mukuifuna kwambiri imakhala chete.

Ndinayesa kuilumikiza ku invata ya panyumba. Pa invata yotsika mtengo, ija ya modified sine wave, inkalira mwa njuchi ndipo sikirini inkaphethira, ndinachotsa msanga. Pa ya pure sine wave imayenda bwino. Komabe masamu a batire sakomera chotenthetsa cha mawati 100. Usiku wa maola 8 chikhoza kudya pafupifupi mawati-ola 800, pamene batire ya 100Ah ya mavoti 12 imasunga 1,200, ndipo ya mtundu wakale ija simuyenera kuitsitsa kupitirira theka. Chimene chandithandiza ndi heat mat (kamphasa kotenthetsa ka magetsi) yaing'ono ya mawati 20 pa thermostat yakeyake yotsika mtengo, imeneyo ndiyo imakhala pa invata. Khola ndinalikuta kumbuyo, m'mbali ndi pamwamba ndi zoyera zopepuka zija zomwe zimabwera m'makatoni a firiji, n'kusiya mabowo a mpweya. Usiku wa chisanu chenicheni ndimaphimba magalasi ndi bulangeti, ndipo batire ikatha ndimaika botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thawulo pakona. Mbaula musayerekeze kulowetsa m'chipindamo. Mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo, nanga njoka yotsekeredwa m'bokosi?

Pa mayunitsi, chotenthetsa cha mawati 100 chikayaka mwamphamvu maola 10 chimadya yunitsi imodzi. Popeza thermostat iyi nthawi zambiri imachigwira pakati, ndipo khola ndi lokutidwa, mita yanga sinathamange monga ndinkaopera. Kukuta khola kunapulumutsa magetsi ambiri kuposa china chilichonse.

Ceramic imaumitsa mpweya, ndipo thermostat iyi siyeza chinyontho. Njokayi imafuna chinyontho cha pakati pa 55 ndi 65 pa 100 alionse, chokwererapo ikamafundula. Miyezi ya mvula ndi ya mawawa kuno sindivutika, mpweya wa Mzuzu umandigwirira ntchito. Kuyambira Ogasiti ndimathira madzi m'makona a zoyala za makoko a kokonati, pamwamba pakhale pouma.

Aneba ena atamva kuti ndimasunga njoka anayamba kulankhula zomwe mukuzidziwa kale. Amayi ena achikulire a nyumba yoyandikana nayo anabwera okha kudzaona, anaima patali n'kufunsa kuti, "Mwanawe, ndiye kabokosi kowalako n'kachiyani?" Nditawafotokozera kuti ndi kosunga kutentha kuti isazizidwe, anati sankadziwa kuti njoka nayo imamva chisanu. Kuyambira pamenepo magetsi akayaka ine kulibe, mdzukulu wawo ndi amene amandiimbira kuti ndidziwe nthawi yomwe wotchi yasokonekera. Ndikumbutsenso kuti njoka za mtundu wa ball python zili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire, choncho kulowetsa imodzi m'dziko kumafuna zikalata, ndipo nkhani ya chilolezo muyambe mwaifunsa ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife musanagule khola kapena thermostat. Njokayi imakhala zaka 20 mpaka 30, si chiweto chogula mwachidwi cha tsiku limodzi.

Mu Okutobala nkhani imatembenuka. Masana ena chipinda cha malata chimatentha chokha mpaka mbali yozizira ya khola kufika pa 29. Thermostat imazimitsiratu chotenthetsa, zomwe n'zoyenera, koma kuziziritsa singathe. Ndinachotsa zokutira za pamwamba, n'kusunthira khola kukhoma lomwe silimenyedwa ndi dzuwa la masana, ndipo mbale ya madzi ndinaisinthira yaikulu kuti njoka izitha kulowamo thupi lonse. Nambala ya usiku ndinaitsitsa kufika pa 26, ndipo ndidzaikwezanso mvula ikamathera mu Epulo.